Chosefera khofi: pulasitiki, dothi, galasi kapena chitsulo?

Ophunzira anga akaona zosefera zinayi zili pa tebulo, pafupifupi onse amatambasulira dzanja ku chadothi chija choyera mbee. Chapulasitiki amachiyang'ana ngati chidole cha mwana. Chonsecho ine m'mawa uliwonse ndimagwiritsa ntchito chapulasitikicho.

Nkhani yonse yagona pa kutentha. Khofi wa Arabica, monga wochokera ku mapiri a Misuku, makamaka akakazingidwa pang'ono, amafuna madzi a madigiri 92 mpaka 96 a Celsius kuti atulutse kukoma kwake konse. Ndiye madzi timathira ochepa: magalamu 250 pa magalamu 15 a khofi, pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu. Chilichonse chimene madziwo akhudza chimawabera kutentha. Akazizira msanga, khofi amatuluka wowawasa ndiponso wamadzimadzi, munthu n'kumadandaula kuti anagula khofi woipa.

Tengani V60 ya kampani ya Hario ya ku Japan, kafanelo kopendekeka madigiri 60 kokhala ndi mizere mkati. Yadothi imaumbidwa ku Arita, tauni imene yakhala ikuwotcha mbale kwa zaka zoposa 400, ndipo kukongola kwake sindikutsutsa. Koma imalemera kangapo kuyerekeza ndi yapulasitiki, ndipo dothi lonselo liyenera kutentha kaye. M'mawa wa mu June, itagona pa shelefu usiku wonse, igwireni: ili zii ngati mwala wa kumtsinje. Madzi oyamba aja, amene amafufumitsa khofi, amathera kufunditsa dothi. Anthu amati chadothi chimasunga kutentha. N'zoona, koma chimayamba chatenga kutenthako kwa madzi anu omwewo. Mankhwala ake ndi kuchitsanulira madzi owira ambiri ndithu musanaike khofi, osati kungonyowetsa pepala basi. Ikani chala kunja kwake; ngati sichikukuotchani, onjezerani.

Pulasitiki ndi wopepuka komanso salola kutentha kudutsa msanga, choncho madzi amakhalabe otentha. Ndi wotchipa, ndipo akagwa pa simenti amangodumpha. Chadothi changa choyamba chinathera pansi pa sinki, zidutswa zitatu, chisanakwanitse mwezi. Chachikulu n'kugula pulasitiki wopangidwira madzi owira, osati fanelo wamba wa pamsika, ndipo akayamba kuchita ming'alu mutaye.

Galasi lili pakatikati. Chosefera chotchedwa Chemex, chimene Peter Schlumbohm anapanga mu 1941, ndi cha galasi losaphulika ndi moto, ndipo sichisunga fungo. Kusweka kokha ndiye vuto.

Chitsulo chimatentha msanga chifukwa ndi chopyapyala, koma chimatayanso kutenthako msanga kumphepo. N'chabwino kwa oyendayenda. Chosefera chachitsulo chotchedwa Kalita Wave, cha pansi pafulati ndi mabowo atatu, chili ndi khalidwe lake: pepala likamatirira pansi limatseka mabowowo, madzi n'kuima.

Musayembekezere zodabwitsa. Kusiyana kumene ndikunenaku ndi kwa madigiri ochepa, pamene kaperedwe ka khofi ndi madzi amene mukuthira zimasintha kakomedwe kwambiri kuposa pamenepo. Melitta Bentz, mayi wa ku Dresden ku Germany amene anayambitsa kusefa khofi ndi pepala mu 1908, anangoboola kapoto ka mkuwa n'kuyalamo pepala lochokera m'kope la mwana wake. Ngati ndalama zilipo zochepa, gulani chapulasitiki, zotsalazo muwonjezere pa kachigayo kabwino ka khofi.