Lalanje womezanitsa pa ndimu sabereka zipatso zowawasa

Alimi ambiri amakana mbande zomezanitsa poopa kuti tsinde la ndimu lidzawawasitsa malalanje. Sizili choncho. Mtundu wa chipatso umachokera ku kanthambi kapena diso lomwe mwaika pamwamba. Mukaika lalanje wa mtundu wa Valencia, mudzathyola Valencia.

Nanga amene anabzala lalanje womezanitsa koma n'kuthyoladi mandimu? Iwo analekerera mphukira zotuluka m'munsi mwa chilonda chomezanitsira. Mphukirazo n'za ndimu, zimakula mwamphamvu mpaka kupondereza lalanje. Zithotholeni zikadali zanthete, ndipo pobzala musakwirire chilondacho m'dothi.

Komabe tsinde lili ndi gawo lake, ndipo apa m'pofunika kufunsa kunazale musanagule. Ndimu ya khungu lokhakhala, ija amati rough lemon, imapirira chilala ndi dothi lamchenga, imabereketsa kwambiri, koma malalanje ake amakhala a khungu lochindikala ndi shuga wochepa. Pamalo odikha madzi mizu yake imaola msanga. Matsinde ena otchedwa Carrizo ndi Swingle amapatsa malalanje a madzi okoma kuposa pamenepo.

Tsinde lomwe ndimaletsa ndi la lalanje wowawasa: matenda a tristeza, ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, amapha malalanje omezanitsidwa pa tsindeli.