Timisampha ta kuwala tomwe timadana ndi dzuwa la ku Ngabu

Amene munatcherapo mbewa m'munda wa mapira mukudziwa kuti msampha sudikira mbewa yonenepa. Kungoukhudza pang'ono, wafwamphuka. Ine pophunzitsa Physics ndimayambira pamenepo ndikafuna kufotokoza za kachipangizo kotchedwa silicon photomultiplier, mwachidule SiPM.

Kachipangizoka sikaposa chikhadabo, koma pamwamba pake pali timisampha masauzande tosaoneka ndi maso. Kalikonse n'kotchera ndi magetsi, kudikira kadontho kamodzi ka kuwala, komwe timati photon. Photon ikagweramo imamasula electron imodzi (kanthu kochepetsetsa konyamula magetsi), iyo n'kugunda zinzake, zinzakezo n'kugundanso zina, mpaka kufika pafupifupi miliyoni imodzi. Apo tsopano magetsi akwana oti makina n'kuwaona. Kenako kamsamphako kamadzitchera kokha msangamsanga. Sikadziwa ngati kagwira photon imodzi kapena ziwiri, kamangoti ndagwira. Ndiye tikawerenga timisampha tomwe tafwamphuka, tadziwa kuchuluka kwa kuwala.

Nanga kuwala kochepa chotero n'kwa ntchito yanji? Tizinthu tomwe timafufuza sitioneka. Mwachitsanzo pali ma muon, ochokera kumwamba, omwe akuboola denga la malata ndi thupi lanu pompano. Mukatambasula chikhatho, pafupifupi imodzi imadutsapo pa sekondi iliyonse. Muon ikadutsa m'pulasitiki yapadera yotchedwa scintillator, pulasitikiyo imathwanima pang'ono zedi, ndipo kuthwanimako ndi komwe SiPM imagwira.

Kale ntchitoyi inali ya chubu chagalasi chonga babu, chofuna ma volt opitirira 1,000, chosachedwa kusweka, komanso chosokonezeka chikayandikira maginito. SiPM, yomwe anayamba kuikonza ku Russia m'zaka za m'ma 1990, imakhutira ndi ma volt 30 mpaka 70, ndipo maginito siiwaopa. N'chifukwa chake ku CERN, malo aakulu ofufuzira tizinthu totere pafupi ndi Geneva, komwe kuli ngalande ya pansi pa nthaka yozungulira makilomita 27, m'makina ogwirira tizinthuti otchedwa CMS anaikamo ma SiPM pomwe pali maginito amphamvu zedi, ya 3.8 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito). Ku Japan, kafukufuku wa T2K anagwiritsa ntchito opitirira 50,000 opangidwa ndi kampani ya Hamamatsu.

Koma kachipangizoka kali ndi chilema chake, ndipo ife a kuno kuchigwa sitingavutike kuchimvetsa. Kamadana ndi kutentha. Silikoni yomwe amapangira kachipangizoka ikatentha, electron imatha kumasuka yokha popanda kuwala, kamsampha n'kufwamphuka chabe mumdima. Kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10, kufwamphuka kwabodzaku kumachuluka pafupifupi kawiri. Ku CERN komweko, makina ena otchedwa LHCb amaziziritsa ma SiPM awo kufika madigiri 40 pansi pa ziro, chifukwa tizinthu tomwe timawawomba tsiku ndi tsiku timawonjezera vutoli.

Ndinazionera ndekha mwezi wa Okutobala pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ngabu. Ndinatsika Thabwa ndi kamakina kowerenga ma muon, kokulungidwa bwino ndi tepi yakuda. M'mawa zonse zinali bwino. Pofika masana, malata akulira ndi dzuwa, tonse thukuta lili kamukamu, timizere tabodza, tosonyeza ngati muon yadutsa, tinadzaza sikirini. Mtsikana wina wa Fomu 4 anakweza dzanja.

“Aphunzitsi, ndiye kuti ma muon amachuluka masana ngati ntchentche?”

Funsoli linandikoma kuposa phunziro lomwe ndinakonza. Ndinamuuza kuti ma muon ndi omwe aja, chomwe chasintha ndi msamphawo. Tinaika kamakinako m'jumbo, n'kukatsamiritsa pa mtsuko wa madzi akumwa pakona, n'kufunditsa chiguduli chonyowa. Patapita kanthawi timizere tija tinachepa. Tsiku lotsatira anawo anafika 5 koloko m'mawa kudzawerenga kusanatenthe.