Mutu Wodzutsa Munthu M'bandakucha Si Wotemera Mphini

Ndatopa nawo mawu akuti "timayesa ndi za anthu." Sabata yathayi ndawamvanso kwa bambo wina wa ku Linthipe, mkazi wawo ali gone pabedi, mphini zili mbwee pachipumi. Munthu wa zaka 40 amene sanagwepo khunyu chibadwire akayamba kugwa, ife a chipatala timafuna kuona chimene chili m'mutu mwake, chifukwa mwina muli chotupa mu ubongo. Chimodzimodzi mutu wopweteka kwambiri m'bandakucha mpaka kusanza, maso ochita chidima kapena oona zinthu ziwiriziwiri, mkono umodzi wolefuka. Ena amangosintha khalidwe, mayi wofatsa n'kuyamba kutukwana apongozi, abale n'kumati wapenga.

Si chotupa chilichonse cha mu ubongo chimene chili khansa. Kuno ku Dedza tili ndi nkhumba zambiri, ndipo munthu akameza mazira a njoka za m'mimba zobwera ndi nyama yosapsa bwino, tizilombo totuluka m'mazirawo timatha kukafika ku ubongo. Kwa amene ali ndi HIV, nthawi zina imakhala TB kapena toxoplasmosis, matenda a tizilombo tolowa mu ubongo. Zimenezi zili ndi mankhwala ake. Koma kusiyanitsa kwake n'kujambula mutu ndi CT scan, n'chifukwa chake timakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kalatayo si yosunga m'Baibulo.

Amene amandisowetsabe tulo ndi mayi wina wa kufupi ndi Lobi. Anali ndi meningioma, chotupa chomera pa chikuta cha ubongo, chokula pang'onopang'ono, chimene madokotala amatha kuchichotsa. Banja linatha chaka ndi miyezi iwiri likuzungulira kwa asing'anga, kachewere yense wa chaka chimenecho anathera komweko, mbuzi nazo zinapita. Mneneri wina anawauza kuti ataye mankhwala a khunyu, akuti kumwa mapilitsi n'kukayikira Mulungu. Mayiwo anagwera pamoto akuphika nsima. Pomwe ankafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, maso anali atazima. Opaleshoni inayenda bwino, ali moyo mpaka lero, koma mtsempha wa diso ukapanikizika nthawi yaitali sudzukanso. Akanabwera mutu utangoyamba, bwenzi akuona adzukulu awo.

Inenso ndimapemphera, musandimve molakwa. Amene anawapulumutsa mayiwa ndi a mpingo omwe. Amayi a Mvano anasonkha ndalama ya minibasi, abusa anawapempherera n'kuwauza kuti nyamukani mawa lomwe. Ku Blantyre achemwali awo awiri ankasinthana ugadiyani, wina akatopa wina n'kubwera ndi ufa. Musamusiyire munthu mmodzi ntchito imeneyi, amadwala naye.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi nkhani ya mankhwala otchedwa dexamethasone. Timapereka kuti ubongo uphwe, ndiye pakapita masiku ochepa wodwala amayamba kudya, kulankhula, kuseka. Abale amati wachira, n'kumuthawitsa usiku. Chotupacho chikadali momwemo! Ndipo mankhwalawa, ngakhalenso a khunyu, sasiyidwa mwadzidzidzi.

Masiku ano tikakhala ndi wodwala woopa opaleshoni ya m'mutu, timatumiza uthenga kwa mayi a ku Lobi aja. Amabwera mdzukulu atawagwira dzanja, n'kukhala pabenchi ya panja. Amavula duku, n'kutenga dzanja la mnzawoyo kuliyendetsa pachipsera, kuchokera pakhutu mpaka pamwamba pa mutu, n'kunena kuti: "Amayi, anatsegula apa. Inu pitani maso akadaona."