Loko ya chala pa chitseko chanu: mabatire, thabwa ndi mwini akaunti

Maloko otsegula ndi chala, nambala kapena foni ayamba kuoneka pa zitseko mumzinda wa Tete, ku Moatize mpaka ku Ulongué. Funso loyamba la ogula limakhala la magetsi: a EDM akathima kapena mayunitsi olipiriratu a Credelec akatha, chitseko chitseguka? Chitseguka. Maloko ambiri amayendera mabatire anayi a AA, ena asanu ndi atatu. Chimene chimazima ndi Wi-Fi, ndiye simungamutsegulire munthu muli kutali, koma chala ndi nambala zimagwirabe ntchito.

Pofunika maso ndi pa mabatirewo. Gulani a alkaline, osati otchipa a m'wailesi olembedwa Heavy Duty, chifukwa kamota kokankha chitsulo cha loko kamakoka mphamvu yambiri kamodzin'kamodzi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Tete kumadutsa madigiri 40, ndipo chitseko chachitsulo choyang'ana dzuwa chimaposa pamenepo. Mabatire amatha msanga, ena amachucha n'kudya tizitsulo ta m'kati. Muzitsegula chivundikiro miyezi itatu iliyonse. Mukaona ufa woyera, chotsani onse, musasakanize akale ndi atsopano. Akakutherani muli panja, pansi pa loko pamakhala kabowo ka USB kolumikizira power bank, kapena tizitsulo tiwiri togunditsa batire ya 9V. Kiyi wachitsulo amene amabwera m'katoni musamusiye m'nyumba momwemo. Kamusungitseni kwa m'bale wodalirika.

Nthawi ya mvula thabwa limafufuma. Dzanja limatha kukankha chitseko n'kupotoza kiyi mwamphamvu, kamota sikangathe: kamangolira, chitsulo n'kulowa theka, inu n'kumagona mukuti mwakhoma. Yesani loko chitseko chili chotsegula, kenako chotseka. Ikavuta chili chotseka, vuto ndi felemu, itanani kalipentala akuze bowo. Fumbi la malasha, thukuta ndi zala zokhakhala ndi khasu zimasokonezanso powerengera chala, choncho aliyense alembetse zala ziwiri kapena zitatu.

Mbava zambiri sizibwera ndi kompyuta, zimabwera ndi chitsulo chokanulira, ndipo loko yodula pa felemu yofumbwa n'kutaya ndalama. Komabe pali zibowo zimene eni ake amazisiya okha. Maloko ambiri amachoka ku fakitale ndi nambala ngati 123456. Isintheni tsiku lomwelo. Ngati loko imatsegukanso ndi khadi, makadi a 125 kHz ndi osavuta kuti wina apange lofanana nalo, a 13.56 MHz ndi abwinoko.

Chimene ambiri sachiganizira ndi akaunti. Foni yoyamba kulumikizidwa pa app yoyendetsera loko, kaya Tuya kaya TTLock, ndiyo imakhala mwini loko. Ngati woikayo anagwiritsa foni yake, angathe kupanga manambala atsopano inu osadziwa. Muuzeni afufute zonse, mulembetse ndi foni yanu iye ali pomwepo. App imasunganso ola limene aliyense walowa. Kwa kholo zimenezi n'zothandiza, koma kwa wochita lendi ndiye kuti eni nyumba akuona nthawi imene amabwerera usiku, ndipo ndi bwino kugwirizana za akauntiyi musanalipire mwezi woyamba. Wantchito kapena mlendo mumupatse nambala yakeyake yokhala ndi tsiku lothera, kuti akachoka mufufute yake yokha popanda kusokoneza banja lonse.