Ludzu silizolowereka: zimene chipululu chimachita ndi thupi la munthu

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina wa ku Ndirande kukiliniki kwathu kudzapimitsa thupi, anali m'gulu la anyamata opita kukagwira ntchito kumafamu ku Israel ndipo anamva kuti mwina akamuika kumwera kuja, kuchipululu cha Negev. Ndikumuyeza BP ndinaona kuti milomo yake ndiyouma mpaka kung'aluka, nde ndinamufunsa kuti achimwene, lero mwamwako madzi koma? Iye akuti "ayi adokotala, ndikuchita dala, sabata ino ndikumamwa kapu imodzi basi patsiku kuti thupi liyambiretu kuzolowera, akuti kumeneko madzi ndi osowa." Amayankhula ndi mtima wonse, munthu wofuna kukalimbikira kuti azitumiza kangachepe kwa mayi ake, ndipo zinandikhudza chifukwa zomwe amachitazo ndi zomwe zikanakamugwetsa tsiku loyamba lomwe.

Maganizo amenewa si a iye yekha. Akuluakulu a asilikali kale ankakhulupirira zomwezo, kuti msilikali ukamamumana madzi amalimba. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse katswiri wina wa ku University of Rochester, Edward Adolph, anapita ndi anzake kuchipululu cha ku California kukafufuza pa asilikali a America, kuwayeza pa sikelo, kuwayendetsa padzuwa, kuona thukuta ndi mkodzo wawo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1947. Anapeza kuti palibe maphunziro alionse amene angachepetse madzi omwe thupi limafuna. Kutentha thupi limazolowera ndithu, ndifotokoza pansipa, koma kusowa madzi ayi.

Kuti timvetse tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mkati mwathu mumayenera kukhala pa madigiri 37 kapena pafupi pomwepo, ndipo thupi palokha limapanga kutentha nthawi zonse, ngakhale mutangokhala pampando mukutulutsa kutentha kofanana ndi babu lakale lija la mawati 100, mukagwira khasu kapena kunyamula matumba ndiye kumachulukirachulukira kangapo. Kuno ku Blantyre tili pamtunda, masiku ambiri mpweya umakhala wozizirirapo kuposa khungu lathu nde kutenthako kumangochoka kokha osadziwa n'komwe. Koma mpweya ukadutsa madigiri 35, omwe ndi mlingo wa khungu, zinthu zimatembenuka, mpweya uja umayamba kukuthirani kutentha m'malo mokuchotsani, kuwonjezapo dzuwa kumwamba ndi mchenga wootcha pansi. Kuchipululu cha Death Valley ku America analembapo madigiri 56.7 mu 1913. Pamenepo thupi latsala ndi chida chimodzi chokha, thukuta.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngati achoka mufiriji. Mtsuko umachucha pang'onopang'ono kunja kwake, timadzi tija tikamauma timatenga kutentha n'kupita nako. Khungu lathu ndi mtsuko womwewo. Lita imodzi ya thukuta ikauma pakhungu imachotsa ma calorie pafupifupi 580, omwe aja timawerengera pa zakudya, ndiye ndi mphamvu yaikulu zedi. Koma mumvetsetse, liyenera kuuma. Thukuta longoyenderera n'kugwera pansi, ngati momwe zimakhalira ku Nsanje mvula ikayandikira kunja kuli chinyezi, ndi madzi otayika chabe. Kuchipululu mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limagwira ntchito bwino, n'chifukwa chake munthu amatha kukhala ndi moyo kumalo otentha chonchija, koma vuto lake lili pomwepo, limauma lisanaoneke n'komwe. Munthu amadzigwira pamphumi n'kuona pouma n'kumati sindikutuluka thukuta ine, chonsecho akutaya lita pa ola lililonse, madzulo akungoona mizere yoyera ya mchere pashati. Wogwira ntchito yolemetsa tsiku lonse kumalo otere atha kutaya malita 10 kapena kuposa.

Tiwerenge. Munthu wa makilogalamu 60 ali ndi madzi pafupifupi malita 36 m'thupi lonse, ndipo thukuta limatungidwa kuchokera m'magazi. Komanso kukatentha mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti magazi otentha apite kunja akazizire, nde mtima ukugwira ntchito ziwiri, kutumiza magazi kuminofu yomwe ikulima komanso kukhungu, pomwe magaziwo akunka nachepa ndi kukhuthala. Mtima umayamba kuthamanga. Mukataya magawo 2 pa 100 a kulemera kwanu, kwa munthu wathu uja ndi lita imodzi ndi pang'ono, mutu umayamba kuwawa, mphamvu kuchepa, kupsa mtima msanga. Mukafika magawo 5 kapena 6 chizungulire, nseru, malovu kuuma lilime kumamatira kukamwa. Kudutsa magawo 10 moyo uli pachiswe. Ndipo Adolph uja anaonanso chinthu china chomwe ife timachiona mpaka lero, kuti ngakhale madzi alipo pafupi munthu samamwa okwanira kubwezera omwe wataya, ludzu limatha thupi lisanakhute.

Impso zimayesetsa, tisaziiwale. Ubongo ukaona kuti magazi akukhuthala umatulutsa homoni yotchedwa ADH yomwe imauza impso kuti bwezani madzi m'thupi, n'chifukwa chake mkodzo umachepa n'kukhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka komanso wonunkha. Koma zili ndi polekezera, kuti zichotse zoipa za m'magazi zimafunabe kutulutsa pafupifupi theka la lita patsiku. Ngamila ndi yosiyana nafe, imatha kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake n'kumayendabe, ndipo imalola thupi lake kutentha kufika madigiri cha m'ma 40 masana kuti isawononge madzi, usiku n'kuzizira yokha. Ife tinalengedwa mosiyana, timagula kuzizira ndi madzi, ndipo pangongole sizitheka.

Nanga kuzolowera kuja ndi kotani? Munthu akafika kumalo otentha n'kumagwira ntchito pang'onopang'ono, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri thupi limasintha moonekeratu. Madzi a m'magazi amachuluka nde mtima umasiya kuthamanga kwambiri, thukuta limayamba kutuluka msanga thupi lisanatenthe, limatuluka lambiri, komanso limakhala ndi mchere wochepa chifukwa homoni ina, aldosterone, imathandiza kusunga mchere. Taonani bwino pamenepo. Munthu wozolowera chipululu amatuluka thukuta lochuluka kuposa mlendo, kutanthauza kuti amafuna madzi ambiri, osati ochepa. Ndipo kusintha konseku kumatheka bwino ngati thupi lili ndi madzi okwanira, wodzimana madzi akudzibwezera yekha m'mbuyo. Masiku oyambirira amenewo ndiwo oopsa kwambiri, mlendo wangofika kumene, akufuna aonetse bwana kuti ndi wolimbikira, thupi lisanakonzeke.

Chomwe timaopa kwambiri ife achipatala ndi heatstroke, pomwe kutentha kwa mkati kwadutsa madigiri 40 ndipo ubongo wayamba kusokonekera. Izi sizifuna kuti mupite ku Sahara. Chaka china mu Okutobala anabwera naye bambo wina wa kabaza amene anagwa panjira masana akuchokera kumunsi ku Chikwawa, khungu lake limatentha ngati poto wochoka pamoto, maso ali gwa, akubwebweta zosamveka, sakumuzindikira ngakhale mkazi wake. Abale ake anali atamumwetsa kale Panado n'kumufunditsa bulangeti poganiza kuti ndi malungo aakulu, ndipo sindiwanena, kwathu kuno thupi likatentha tonse timayamba taganiza malungo. Tinamuyeza malungo sanapezeke. Tinamuvula, kumuthira madzi ozizira thupi lonse, mafani awiri, ayezi m'khwapa, m'khosi ndi mphechepeche, diripi uku, ndipo patatha nthawi anatsegula maso bwinobwino n'kufunsa kuti njinga yanga ili kuti. Mkazi wake analira pomwepo.

Panado sathandiza pa vuto limeneli, chifukwa si thupi lomwe lakweza lokha kutentha ngati pa malungo, ndi kutentha komwe kwalephera kutuluka, ndipo chiwindi chimakhala chili kale pamavuto. Chofunika ndi kuziziritsa munthuyo pompopompo, muli pomwepo, mthunzi, kumuvula, kumuthira madzi, kumukupiza ndi chitenje kapena katoni, uku mukufunafuna galimoto. Ngati wakomoka kapena wasokonezeka musamukakamize kumwa angatsamwe. Ndipo musadikire kuti khungu liume kaye kuti mukhulupirire, ambiri amene agwa akugwira ntchito amakhala akutulukabe thukuta. Kutentha kukakhalitsa kumawononga ubongo, chiwindi, impso, minofu imasweka, magazi amasiya kuundana bwino, nde mphindi iliyonse ndi yofunika. Abale athu achisilamu akukumbukira Hajj ya mu Juni 2024, ku Makka kunatentha mpaka madigiri 51.8 ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri mwa iwo atayenda mitunda italiitali padzuwa popanda pobisala. Okalamba, ana aang'ono, odwala shuga, mtima kapena impso, ndi omwe akumwa mankhwala a BP okodzetsa aja, amagwa msanga kuposa ena.

Alipo amene anapulumuka modabwitsa, ndipo nkhani zawo zimandiphunzitsa zambiri. Mu 1905 munthu wina wa ku Mexico wofunafuna golide, Pablo Valencia, anasochera kuchipululu cha ku Arizona n'kukhala pafupifupi sabata opanda madzi. Katswiri W J McGee yemwe anamupeza analemba kuti milomo inali itafota, khungu litada ndi kuuma moti mabala ake sankatuluka magazi, koma atamusamalira pang'onopang'ono anachira. Mu 1994 wapolisi wa ku Italy, Mauro Prosperi, anasochera ndi chimphepo cha mchenga pa mpikisano wothamanga m'chipululu wa Marathon des Sables ku Morocco, anakhala masiku pafupifupi 10, anamwa mkodzo wake ndi magazi a mileme, anakapezeka wawolokera ku Algeria atataya makilogalamu oposa 15, ndipo zinamutengera nthawi yaitali kuti achire. Anthu akamva izi amagwira za mkodzozo, koma ine ndikuuzeni, mkodzo wa munthu wouma ndi mchere ndi zoipa zomwe impso zavutikira kuchotsa, mukaubwezera mukuziwonjezera katundu. Chomwe chinamuthandiza kwambiri Prosperi n'choti anapeza kanyumba kobisalamo dzuwa ndipo ankayenda kukazizira, ankasunga thukuta.

Eni chipululu ndi zomwe amachita zimenezo. Thupi lawo ndi ngati lathuli, nzeru ndi zomwe zimawasunga. A San a ku Kalahari amadziwa mavwende am'tchire otchedwa tsamma ndi mizu yokhala ndi madzi, amasunga madzi m'zikamba za mazira a nthiwatiwa n'kuzikwirira. A Tuareg ndi a Bedouin amavala mikanjo yotaya yophimba thupi lonse ndi mutu womwe, sayenda chifuwa pamtunda ngati anyamata athu padimba, chifukwa nsalu imatchinga dzuwa komanso mphepo yotentha. Ofufuza ena ku Negev komweko mu 1980 anapeza kuti mkanjo wakuda ndi woyera zimafikitsa kutentha kofanana pakhungu, bola ukhale wotaya kuti mpweya uziyenda mkati. Masana enieni amakhala pamthunzi. Komanso anthu amaiwala kuti chipululu chimazizira usiku, kulibe mitambo ndi chinyezi chosunga kutentha, nyengo yozizira ku Sahara madzi amatha kuundana m'bandakucha, nde munthu wofooka kale ndi ludzu atha kufa ndi chisanu.

Za mchere ndinene pang'ono. Thukuta limachoka ndi mchere, nde munthu akamangomwa madzi okhaokha malita ambirimbiri osadya kanthu mchere wa m'magazi umatsika, minofu imakokana, mutu kuwawa, kusanza, mwinanso kukomoka kumene. Mankhwala ake si ovuta, muzidya chakudya chanu chothira mchere bwinobwino osadumpha, ndipo tsiku lomwe mwatuluka thukuta kwambiri sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino. Mowa ndiye ayi, umatsekereza ADH ija nde mumakodza madzi omwe thupi likufuna kusunga.

Mnyamata wa ku Ndirande uja ndinamupatsa madzi pomwepo, anamwa makapu awiri osapuma. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kukonzekera aziyenda mwandawala kapena kuthamanga pang'ono kukafunda kwa ola limodzi tsiku lililonse, botolo lili m'manja, akamwe asananyamuke ndi pobwera. Akakafika sabata yoyamba asakapikisane ndi omwe anafika kale, chipewa pamutu, malaya a manja aatali otaya, azikamwa pafupipafupi osadikira ludzu, ndipo azikayang'ana mkodzo wake m'mawa ndi masana, ukhale woyererako, ukada kapena akatha maola ambiri osakodza adziwe kuti watsalira. Ndinamuuzanso kuti azikayang'anirana ndi mnzake wa pafupi, chifukwa amene wayamba kusokonezeka ndi kutentha sadzidziwa yekha, amangoyamba kuyankha zosagwirizana kapena kudzandira. Analemba zonse mufoni yake, kenako anafunsa ngati mapaketi a ORS amaloledwa mundege, ndinamuuza kuti awaike m'chikwama chachikulu osawatsegula.