Inshuwalansi ya nyumba siteteza ku madzi osefukira nthawi zonse

Anthu ambiri kuno ku Zomba amakhulupirira kuti akangolipira inshuwalansi ya nyumba, basi, chilichonse chogwera nyumbayo kampani idzalipira. Sizili choncho ayi.

Pangano wamba la moto limateteza ku moto, mphezi ndi kuphulika kwa zinthu. Madzi osefukira ndi mphepo yamkuntho nthawi zambiri zimakhala m'gawo lowonjezera lotchedwa special perils, ndipo mumayenera kulipempha nokha. Ngati papepala la pangano lanu palibe mawu oti flood, kutanthauza madzi osefukira, mtsinje wa Likangala ukasefukira n'kugwetsa chipupa, musayembekezere kanthu. Amene amakhala kumunsi cha ku Nyanja ya Chilwa anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Nkhaniyi si yamasewera.

Chinanso, nyumba ndi katundu wam'kati amawerengedwa padera. Inshuwalansi yomwe banki imafuna pa ngongole ya nyumba kawirikawiri imangoona zipupa ndi denga. Matiresi, firiji ndi matumba a chimanga onyowa sizikhalamo.

Onaninso ndalama yomwe munalembetsa ku kampani monga mtengo wa nyumbayo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata n'kukwera mtengo. Mukakhalabe pa mtengo wakale, kampani idzakulipirani gawo chabe la zowonongekazo.