Musalole kuti afufute nyimbo zoyambirira za filimu yakale

Ndatopa kumva zoti filimu yakale ilibe mawu, ndiye mutha kuikamo nyimbo iliyonse. Ndimazimva pa Chitakale, ndimazimvanso ku Limbuli kwa anyamata okopera anthu mafilimu pa flash. Amatenga ya Charlie Chaplin, kuchotsa nyimbo, kuthiramo amapiano. Chonsecho nyimbo zambiri za mu filimu yake ya City Lights ya 1931 anapeka yekha Chaplin, kuti zigwirizane ndi mayendedwe ake.

Kupeka nyimbo za mafilimu ndiyo ntchito yanga, choncho sindikudana ndi zatsopano. Nyimbo zomwe Hans Erdmann anapekera filimu ya Nosferatu ya 1922 zambiri zinasowa, ndipo oimba ena akhala akupeka zawo. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu umabwera munthu akafufuta zomwe zilipo. Mu 1984 Giorgio Moroder anaika nyimbo za rock mu filimu yakale ya Metropolis, ena mpaka pano amazikonda. Koma zidutswa zotayika za filimuyi, za mphindi pafupifupi 25, zitapezeka ku Buenos Aires mu 2008, akatswiri anadalira mapepala a nyimbo zake zoyambirira, zomwe anapeka Gottfried Huppertz, kuti adziwe chithunzi chiti chikubwera pati.

Chomwe chimandiwawabe ndi cha mayi ena a kufupi ndi Luchenza. Anabwera ndi flash ya ukwati wa makolo awo, wojambulidwa pa tepi ya VHS zaka za m'ma 1980. Kwaya ya anthu othyola tiyi inkaimba m'Chilhomwe, agogo awo akutsogolera. Mnyamata wina wa pamsika, amene amati ndi katswiri, anati tepiyo inkasokosa. Anachotsa mawu onse, anaikamo kiyibodi, tepi anataya. Mayiwo anandifunsa kuti, "Achimwene, simungawabwezeretse agogo?" Milomo ikuoneka ikuimba, koma chomwe chikumveka ndi ng'oma za pakompyuta. Ndinalephera.

Ngati muli ndi tepi yakale m'sutikesi, musadikire kuti mvula ithe. Chinyezi cha kuno kumapiri chimabweretsa nkhungu, ndipo tepi ya nkhungu imathanso kuwononga makina oiwerengera. Wokopayo muuzeni akupatseni makope awiri, imodzi ya mawu ake enieni osasinthidwa, phokoso lake lomwelo. Akakana, kapena akati tepi musiye kwa iye, nyamulani katundu wanu muzipita.